Mbalame ya Boma ku Nchenachena

Vuto linafika pakhomo pathu Lachiwiri m'mawa, litakulungidwa mumpango wa asibweni a Tenesi.

Amama anali pakhonde akusankha nyemba. Ine ndinali pamwala, ndikugwira ntchito imene ndakhala ndikugwira chibwerereni kukoleji, yoyang'ana phiri. Asibweni anatulukira kuseri kwa nthochi akuyenda monyang'ama, mpango uli m'manja ngati wanyamula khala lamoto.

"Adumbu, lowani m'nyumba," anauza amama. "Iwenso, Chikumbusko. Musakweze mawu."

A Tenesi ndi mlongo wawo wa amama; kwathu amalume timati asibweni, ndipo munthu ndi mlongo wake amaitanana kuti adumbu. Anabwera mu Julaye pa maliro a adada kudzatipepesa. Tsopano unali Malichi, ndipo anali akadatipepesabe. Kuti aoneke othandiza, anadzipatsa ntchito yolondera munda wa mawere. Koma kuingitsa atchete n'kotopetsa, ndiye iwo anatchera ulimbo n'kumakhala pamthunzi.

Titatseka chitseko, anafunyulula mpango. Munali kambalame kakang'ono ngati chala chachikulu, kotuwa kumsana, kachikasu pang'ono pachifuwa. Mapazi ake ndi nsonga ya mchira zinali zomata ndi ulimbo. Kumwendo kwake kunali kamphete kachitsulo, ndipo pakamphetepo panali polembedwa.

"Ili ndi nambala," ananong'ona asibweni. "Ine ndinalonderapo pa ofesi ya boma zaka zisanu ndi chimodzi. Mpando wa boma uli ndi nambala. Galimoto ya boma ili ndi nambala. Ngakhale ketulo ya tiyi inali ndi nambala. Iyi ndi mbalame ya boma, ndipo taigwira ife."

"Mwaigwira inu," anatero amama.

"Pakhomo ndi panu, adumbu."

Amama anakhala pansi pang'onopang'ono. Ndinadziwa chimene ankaganiza. Adada, a Ellard Msiska, anatisiyira ming'oma ya njuchi khumi ndi inayi, yopachikidwa m'mphepete mwa nkhalango, mkati mwa malire a paki ya Nyika. Ming'oma imeneyo imakhalamo ndi chilolezo cha kalabu ya alimi a njuchi. Adada atamwalira, kalabu inalemba dzina la amama, Rahab NyaChavula, m'malo mwawo. Kalabu yathu ili ndi lamulo lake: pakhomo pa membala pakapezeka munthu wosaka kapena wotchera zinyama za m'paki, dzina limafufutidwa ndipo ming'oma imatsitsidwa. Uchi umenewo ndiwo umatidyetsa. Ndipo ming'omayo adada anakhoma okha, umodziumodzi, pansi pa mtengo wa mapeyala wa pakhomo pathu.

"Tawerenga, iwe wakukoleji," anatero asibweni.

Ndinawerenga. Panali zilembo ziwiri, manambala asanu, ndi timawu tina ting'onoting'ono.

"Zikutanthauza chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Zaka ziwiri kukoleji."

"Chaka ndi theka, asibweni."

"N'chifukwa chake. Za mbalame amaphunzira chaka chachitatu."

Ndinkaphunzira zamagetsi. Ndinawauza kuti kamphete kochepa choncho sikangakhale ndi batire, choncho sikangauze munthu aliyense kumene kali. Asibweni anandiyang'ana mondimvera chisoni.

"Muphwa, zamasiku ano sizifuna batire. Zimayendera dzuwa. Tiibise pamdima isatchaje."

Anayang'ana uku ndi uku, kenako anatenga chipewa cha adada chofulira uchi, chija chokhala ndi neti, chimene chinali pamsomali chiyambire Julaye. Palibe anali atachikhudza. Ndinafuna kuwalanda, koma ndinawasiya. Anaikamo mbalameyo, n'kumanga neti, n'kukankhira chipewacho kunsi kwa tebulo.

Zonsezi tinkalankhula m'Chitumbuka monga mwa masiku onse, chifukwa asibweni anati zinthu za boma sizimva Chitumbuka. Koma atagwada n'kusuzumira kunsi kwa tebulo, anasintha chilankhulo ndi mawu omwe, n'kuilankhula mbalameyo m'Chichewa.

"Bwana, pepani kwambiri. Ulimbo uja sunali wanu, unali wa atchete. Pakhomo pano ndife anthu omvera malamulo. Chimbudzi tili nacho, cha chivundikiro. Dzenje la zinyalala lilipo."

Anaipatsa mawere pachivundikiro cha botolo. Sinadye. Anaipatsa mtedza wosinja. Inatembenuza mutu.

"Yakana," anatero asibweni, nkhope itagwa. "Ikuganiza kuti ndi ziphuphu. Tapeza yokhulupirika."

"Mwina ikufuna tiyi," anatero amama. Sankaseka. Anali atayamba kale kufuna kapu ya alendo.

Dzuwa linkakwera ndipo nzeru za asibweni zinkachuluka. Anati tiiphe tiikwirire kudimba. Amama anakana, ati magazi a boma asagwere pakhomo pawo. Asibweni anatenga tupa kuti adule kampheteko. Nditaona kamwendo kaja, kowonda ngati udzu, kali pakati pa zala zawo zonenepa, ndinawagwira dzanja.

"Muthyola mwendo."

"Ndiye tipeze wa kabaza," anatero. "Aitenge mpaka pa Njakwa, akaitaye pamlatho. Boma likamafufuza lizikafunsa anthu a kumeneko. Iwo azolowera, amakhala pamsewu."

Asanamalize, tinamva galimoto ikulimbana ndi msewu wathu, umene ngakhale ng'ombe zimayenda modandaula. Ndinasuzumira pazenera. Inali galimoto ya a gemu, asilikali a m'paki aja, itanyamula mapolo ataliatali. Inadutsa pang'onopang'ono n'kukwera njira yopita kunkhalango.

"Yawaitana," anatero asibweni. "Ndinanena ine. Inatchaja kumunda."

Anatuluka ndi khomo lakuseri, ndipo posakhalitsa tinamva chitseko cha chimbudzi chikutsekeka.

Amama anatsala atagwira kapu ya alendo. Analankhula osandiyang'ana.

"Adada ako anandisiyira chinthu chimodzi. Sichinathe n'chaka chomwe."

Ndinakoka chipewa chija. Kambalame kanali katadzitukumula, maso atatsinzina theka, kakupuma mofulumira. Kapumidwe kameneko ndinakaonapo, nditakhala pabenchi yachipatala masiku asanu ndi anayi pambali pa adada. Nthawi imeneyo ndinkangoyang'ana, chifukwa panalibe china chochita. Lero chinalipo.

"Amama, ikafera muno ndiye mlandu weniweni. Tiyeni tikaipereke tokha idakali moyo."

"Akandifufuta?"

"Akufufutani tikabisa n'kupezeka nayo. Bola tikanene ndi pakamwa pathu."

Amama anaika kapu ija patebulo. Kenako analowa kuchipinda n'kutuluka atavala bulauzi yoyera ya kutchalitchi.

"Ngati n'kumangidwa, andimange ndikuoneka bwino," anatero. Anapita pachimbudzi n'kugogoda. "Adumbu, tulukani. Mwini ulimbo atsogole."

Asibweni anatuluka, koma anapempha kaye kuti atenge bulangete ndi mswachi. Anati m'chitokosi mumazizira.

Njira ya kunkhalango ndinali ndisanaiponde chimwalirireni adada. Imakwera pakati pa minda ya khofi, kudutsa kamtsinje, n'kulowa m'chifunga. Pamwala uliwonse panali pamene ankapumira, pamene ankandiuza kuti ndisathamange ndi ndowa ya uchi. Ndinayang'ana pansi ulendo wonse, chipewa cha adada nditachikumbatira. Kumbuyo asibweni ankayeseza mawu okalankhula, n'kumawasintha.

Titafika m'mphepete mwa nkhalango tinaima. Pakati pa mapolo panali maukonde aatali, a ulusi wopyapyala ngati tsitsi, ovuta kuona ukapanda kuyandikira. Pamthunzi panali tebulo, ndipo pachingwe panalendewera timatumba tansalu, tina tikugwedezeka. Mayi wina wovala chipewa chachikulu anali atakhala pampando, kambalame kali m'dzanja, akukayeza phiko ndi rula. Pambali pake panaima a Laws, msilikali wa m'paki amene amayendera kalabu yathu, atagwira buku ndi cholembera.

Asibweni anaponya bulangete pansi n'kugwada.

"Bwana, ndadzipereka. Dzina ndine Tenesi Chavula. Mlongo wangayu ndi wamasiye, sakudziwa kanthu. Mnyamatayu naye sakudziwa kanthu, sanamalize sukulu."

"Monire, NyaChavula," anatero a Laws, akuyang'ana amama modabwa. "Kwagwanji?"

Ndinamasula neti ya chipewa. Mayi uja anasuzumira, ndipo sanafunse funso. Anaulutsa kambalame kamene anali nako, n'kutenga kathu. Anakagwira mwaluso, mutu uli pakati pa zala ziwiri. Ananyowetsa thonje ndi timafuta pang'ono n'kuyamba kuchotsa ulimbo kumapazi, chala chimodzichimodzi, kenako anapukuta ndi madzi ofunda. Anadonthezera timadzi ta shuga kunsonga kwa mlomo. Kambalame kanameza.

"Yalandira," ananong'ona asibweni. "Za anzake imalandira."

Mayiyo anakaika m'kathumba n'kulowetsa kathumbako mkati mwa juzi yake kuti kamve kufunda. Apo m'pamene anatiyang'ana.

"Ndine Miriam. Kwathu ndi ku Dedza, Chitumbuka changa n'chochepa, mundikhululukire. Bambo, dzukani, pansi panyowa. Mwaigwira nthawi yanji?"

"Cha m'ma sikisi, madamu."

"Mwachita bwino kubwera. Ikanafika madzulo ikanafa. Tating'ono tere sitikhala nthawi yaitali osadya."

"Tinaipatsa mawere," anatero amama. "Inakana."

A Miriam anaseka. "Siidya mawere, mayi. Mwaona mlomo wake, wosongoka ngati singano? Uyu ndi mtundu wa timba. Amadya mbozi, tintchentche ndi nsabwe za m'masamba. M'munda mwanu anabwera kudzakuthandizani."

"Ndiye mwamanga waganyu waulere, adumbu," anatero amama.

Asibweni anali asanakhutire. "Nanga nambalayo? Siimene yakuitanani?"

"Ife timabwera kuno chaka chilichonse mvula ikamatha. Mphete ija ilibe batire, ilibe makutu, siiitana munthu. Ndi dzina chabe. Mayi, ana anu munkapita nawo kusikelo?"

"Mwezi uliwonse. Uyu ankalira kuposa onse," anatero amama akundiloza.

"N'chimodzimodzi. Timatchera maukonde m'mawa, ndipo timawayendera pafupipafupi kuti mbalame isakhalitsemo. Tikaichotsa timaiveka mphete, timayeza phiko, timaiika pasikelo, timalemba m'buku, n'kuiulutsa. Tikadzaipezanso, ife kapena munthu wina kwina, nambala imatiuza kuti ndi yomwe ija, yakhala zaka zingati, yayenda mpaka kuti. Ntchitoyi timaichita ndi chilolezo, ndipo tinaiphunzira. Si ya munthu aliyense wopeza ukonde."

"Sikelo ya mbalame," anatero amama, akugwedeza mutu. "Ndiye mumaziyezeranji? Zili ndi amake?"

"Mbalame zikayamba kuchepa chaka ndi chaka, timadziwa kuti nkhalango yayamba kudwala. Zimatiuza msanga, mitsinje isanaphwe. Ndi nkhalango yomweyi imene njuchi zanu zimadyamo."

Anatulutsa kathumba kaja n'kuwerenga mphete mokweza. A Laws anatsegula buku lakale la chikuto chong'ambika, n'kuyendetsa chala.

"Ndi wathu," anatero. "Tinamuveka mu Malichi, zaka ziwiri zapitazo. Ukonde wachitatu, pafupi ndi ming'oma."

"Ndiye kuti wapita ku Ulaya kawiri n'kubwerera," anatero a Miriam. "Amaswera kumeneko. Kukayamba kuzizira amabwera kuno kudzadya nthawi ya mvula, ndipo ena amabwerera pachitsamba chomwe chija. Masabata akubwerawa anyamukanso."

Anakapemerera nthenga za pamimba kuti tione mafuta achikasu pansi pa khungu, kamba wa paulendo. Anakaika pasikelo. Magalamu asanu ndi anayi.

Asibweni anavula chipewa chawo. "Ku Ulaya. Opanda pasipoti. Ine ndinayesa Joni kawiri, ndinathera pa Mwanza."

Tonse tinaseka, kupatula amama. Iwo ankayang'ana a Laws.

"Bwana Laws, ndiuzeni za dzina langa."

A Laws anatseka buku. "Ulimbo unatcheredwa pati?"

"M'munda wa mawere, kunsi kwa khofi."

"Kumeneko ndi kunja kwa paki. Ukanakhala mkati, tikanalankhula zina, chifukwa m'paki kutchera chilichonse ndi mlandu. Ndipo mwabwera nokha, mbalame ili moyo. Munthu wobwera kudzanena sitimufufuta, NyaChavula. Dzina lanu lilipo, ming'oma yanu ikhala pomwe ili."

Amama anatulutsa mpweya wautali. "Yewo chomene," anathokoza kawiri.

"Koma ulimbo uthe lero," anapitiriza a Laws, akutembenukira kwa asibweni. "Ulimbo susankha. Umagwira tchete, umagwira timba, umagwira mbalame yamtundu uliwonse imene yatera. Mukazule timitengo tonse. Mawa ndidutsa kudzaona. Mangani zingwe m'munda, mupachike zitini za miyala ndi timapepala tonyezimira. Atchete akabwera mukoke chingwe."

"Wokoka ndani?"

"Inuyo, a Chavula."

"Tsiku lonse?"

"Mpaka mawere akololedwe," anatero amama.

Tinakhala pamenepo ngati ola lathunthu, tikuona ntchito. A Miriam ankachotsa mbalame m'timatumba, kuyeza, kutchula manambala, a Laws n'kumalemba. Zina zinali zam'nkhalango momwemo, zosayenda kutali. Ina inali ndi mphete ya zaka zisanu ndi ziwiri. Asibweni anaiweramira.

"A Msiska ankabwera kudzaonerera," anandiuza a Laws, osakweza mutu pabuku. "Akachoka kuming'oma ankaima apo. Ankapempha kuti aulutseko imodzi. Manja awo anali ozolowera njuchi, sankanjenjemera."

Amama anaika dzanja pakamwa. "Anandiuzapo kuti kuphiri kuli anthu osodza mbalame ndi ukonde n'kuzibweza. Ndinamuuza kuti asiye kunama, ndi mkulu wa mpingo."

Anaseka, misozi ikutsika, ndipo anaipukuta ndi bulauzi yoyera ija osaganizira.

A Miriam anatulutsanso timba wathu. Maso anali atatseguka, ndipo anajompha chala chawo. Anayang'ana mapazi, mapiko ndi mchira.

"Nthenga ziwiri zakumchira zathothoka, koma zimeranso. Akhoza kupita. Achimwene, bwerani. Mwamunyamula ndinu."

Anandionetsa kagwiridwe, n'kumuika m'dzanja langa. Sankalemera kanthu, koma mtima wake unkagunda pachala changa mwamphamvu, mofulumira, ngati kawotchi. Sindinafune kutsegula dzanja. Palibe anandifulumiza. Nditatsegula, anakhala kaye pachikhatho, akuyang'ana uku ndi uku. Kenako anauluka n'kukatera pachitsamba, anadzikung'untha, n'kuyamba kufufuza kunsi kwa masamba ngati palibe chachitika.

"Muyende bwino, bwana," anatero asibweni. "Mukapereke moni."

Tisanatsike, a Miriam anandilembera nambala yawo ya foni ndi kundiuza zoyenera kuchita, kuti ndikauze ena. Tsiku lomwelo tinazula timitengo ta ulimbo makumi awiri ndi titatu, amama n'kutiponya pamoto. Loweruka ndinakwera nawo kuming'oma kukachotsa udzu ndi kuona ngati mulibe nyerere. Yonse khumi ndi inayi inali ndi njuchi.

Phunziro linawalowa asibweni mopitirira. Sabata yotsatira anakwera phiri thukuta lili kamukamu, atanyamula nkhuku yathadzi yokhala ndi kansalu kofiira kumwendo, kukainena kwa a Miriam. Inali ya a Mabel, oyandikana nafe, amene amamanga tinsalu kuti nkhuku zawo zisasokonekere ndi za ena. A Mabel anawatsatira mpaka kunkhalango, ndipo zimene anawauza sindingazilembe m'kabuku ka anthu onse.

Zimene ndingalembe ndi izi. Mukapeza mbalame yokhala ndi mphete kumwendo, musaope. Si ufiti, si kazitape, ndipo kunena si mlandu. Musaiphe, musaitsekere m'nyumba, musayese kudula mpheteyo. Ngati ili bwino, werengani zonse zolembedwa pamphete, kapena jambulani ndi foni, n'kuiulutsa pomwepo. Lembani tsiku ndi malo amene mwaipeza. Ngati yavulala, iikeni m'kathumba kansalu kapena m'katoni yoboola, pamthunzi, ndipo pitani nayo msanga kwa a zanyama. Mukaipeza yakufa, sungani mpheteyo mukaipereke. Ulimbo usiyeni, chifukwa umapha ndi mbalame zomwe zimakutetezerani mbewu.

Ife tinatsala pang'ono kutaya mbalame ndi ming'oma yomwe chifukwa chobisa. Chimene simukuchidziwa, pitani nacho kwa amene akuchidziwa, chidakali ndi moyo.